Chipsera cha Kumanja

Wakubayo anatseka chitseko cha shedi n'kumanganso chingwe chake bwinobwino, mfundo ziwiri. Chimenecho ndiye chinamuwawa kwambiri Gunvor Ahlqvist. Mbala yothyola chitseko ungaimvetse, koma iyi inatenga galimoto ya Sixten, mchimwene wa Gunvor, n'kutseka mwaulemu ngati ikuchoka pakhomo pake. M'kati munangotsala madontho a oyilo pansi ndi chinsalu chimene ankafunditsa galimotoyo, nachonso chopindidwa bwino.

Unali m'mawa wa Lachisanu. Gunvor anali atagona kuchipatala, pampando, pafupi ndi bedi la Sixten. Sitiroko inali itamupha mbali imodzi mchimwene wakeyo n'kumulanda mawu, ndipo adokotala anali atasiya kunena za miyezi, ankangonena za masiku.

"Mapepala a galimotoyo alipo?" anafunsa wapolisi Dahlén. Anali munthu wamtali, waulesi polankhula, ndipo ankayasamula mosabisa.

"Palibe. Anam'patsa ndi pakamwa, n'kugwirana chanza. Kale anthu ankatero."

"Ndiye tingoti Buick yofiira ya 1958. Mayi Ahlqvist, sabata ino m'tauni muno muli magalimoto akale a ku America opitirira chikwi. Ofiira okhaokha akhoza kudzaza bwalo la mpira."

"Musavutike kuwerenga, bwana wapolisi. Wakuba ndi Ebbe Rydell."

"A Rydell dzulo anali kubwalo la chionetsero kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chinkuzamawu kukamwa. Ndinali komweko ine. Makutu akulirabe."

M'tauni ya Kvarnbacka mwana amayamba kudziwa filimu ya Ophunzira Osaphunzira asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Ndi nthabwala chabe. Anyamata anayi a payunivesite amaba Buick yofiira ya mphunzitsi wamkulu, amaibweza cham'mbuyo n'kugunda chiboliboli cha amene anayambitsa sukuluyo, kenako n'kuliyatsa liwiro. Woyendetsa weniweni pojambula, mu 1979, anali Sixten, ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Atamaliza, eni filimu anamusiyira galimotoyo chimodzi mwa zipsepse zake ziwiri zachitsulo za kumbuyo chili chopindika. Anthu ankachitcha chipsera. Ntchito ya Sixten inali yowongola magalimoto ogundidwa, koma chipseracho sanachikhudzepo.

Kenako kunatulukira Ebbe Rydell, wogulitsa magalimoto, ndi Buick yakeyake yofiira, nayonso ya chipsera. Kusiyana kunali kumodzi. Cha Rydell chinali kumanzere, monga chimaonekera m'filimu galimoto ikuthawa. Cha Sixten chinali kumanja. A kalabu ya magalimoto akale anaonera filimuyo kasanu tsiku limodzi n'kugamula. Sixten anangoti, "Ndinagunda ndine, ndikudziwa mbali imene ndinagunda," anthu n'kufa nalo phwete. Kuyambira tsikulo anakhala Sixten Wabodza, kugolosale, kutchalitchi, ngakhale pamaliro a mkazi wake. Zaka makumi atatu! Amati mlandu suwola, ndipo uwu unali ukadali wauwisi mumtima mwa Gunvor. Analumbira kuti mchimwene wake sadzalowa m'manda ndi dzina limenelo, komanso kuti Rydell adzachita manyazi pamaso pa gulu lomwelo limene analiseketsa.

Chaka chino mwayi unali utafika pakhomo. Nyumba yosunga zakale za mafilimu ku Stockholm inalemba kalata kuti Loweruka itumiza munthu ndi pepala la 1979, lokhala ndi nambala imene inasindikizidwa pachitsulo cha galimoto ya m'filimu. Kalatayo inawerengedwa kukalabu Lolemba. Lachinayi Buick ya Sixten n'kusowa.

"Ngakhale mwana woyamwa akhoza kuona pamenepa," anatero Gunvor.

"Kukhoti safuna mwana woyamwa, mayi, amafuna umboni," anayankha Dahlén, akubweza cholembera m'thumba.

Gunvor sanatsutse. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu yoyeza magalimoto ngati ali oyenera pamsewu, ndipo ankadziwa kuwerenga pansi. Anagwada pakhomo la shedi. Panalibe zidindo za lole, panalibe pokokera. Panali matayala anayi okha, otuluka mwakachetechete kupita kumsewu. Galimotoyo sanainyamule. Inachoka ikuyenda yokha, injini ikulira.

* * *

Kubwalo la chionetsero kunali fumbi, fungo la soseji ndi nyimbo zakale za magitala. Gunvor anamupeza Rydell ali pansanja yake, chipewa choyera cha akauboyi kumutu, mimba patsogolo. Malo oimika Buick yake anali opanda kanthu.

"Ee, taonani amene abwera! Achemwali ake a Wabodza!" anakuwa Rydell kuti onse amve. "Ali bwanji odwala athu? Ndamva kuti masiku ano sakunama. Paja pakamwa patsekeka."

Amuna awiri atatu anaseka, ena anayang'ana pansi. Gunvor sanawasamale.

"Galimoto yanu ili kuti, a Rydell?"

"Ikusamba, mayi. Mkwatibwi saoneka tsiku la ukwati lisanafike. Mawa teni koloko bwerani, ndakusungirani mpando wa kutsogolo. Mubwere ndi kampango kopukutira misozi."

"Ya achimwene anga yabedwa dzulo."

"Ayi, pepani!" Rydell anagwira pamtima. "Koma ndiye zangochitika nthawi yake, eti? Mayeso akayandikira mwana wopanda nzeru amadwala m'mimba. Mwaibisa kuti, mayi, m'nyanja?"

Gunvor anamuyang'anitsitsa. Munthuyo anali wokondwa zenizeni, osati zongodzikakamiza. Munthu amene mawa galimoto yake yabodza ikawerengedwa nambala pamaso pa anthu sakondwa chotero. Rydell sankaopa envulopu ya ku Stockholm, ndipo Gunvor anachoka akudzifunsa chifukwa chake.

* * *

Munthu wa ku Stockholm anali atafika kale kunyumba ya alendo ya m'mbali mwa mtsinje. Gunvor ankayembekeza kamnyamata ka mandala, koma pakhonde anapeza mayi wokalamba, wowonda, ndudu kukamwa, bokosi la makatoni pamiyendo. Dzina lake anali Ingalill Sjögren.

"Ngati mwabwerera nambala, bwererani," anatero mayiyo asanapatsidwe n'komwe moni. "Envulopu ndi yomata. Ndakalamba ine, kundende kulibe mipando yabwino."

"Ndabwera kudzaona munthu amene anaiona galimotoyo ndi maso."

"Kuiona? Mwana wanga, filimu ija ndinailumikiza ndine, ndi sizasi ndi guluu. Miyezi inayi m'kachipinda kopanda zenera. Filimu yopusa kwambiri imene ndinagwirapo, koma ndi yokhayo imene anthu akuikumbuka. Dziko ili!" Anatsokomola n'kuseka nthawi imodzi. "Tinalibe kalikonse. Zipewa za ophunzira tinabwereka, chiboliboli chinali cha mapepala ndi simenti. Ndiye wolemba nkhani, mutu wake, anaumirira kuti zonse zikuchitika mu 1965."

Gunvor anaimitsa m'malere kapu ya khofi imene mayiyo anamuthirira. Filimuyo anaionera kambirimbiri, makamaka mapeto ake, pofuna kupeza pamene mchimwene wake analakwitsa. Galimoto ikuthawa pamsewu waukulu, ikuoneka chakumbuyo, ili kumanzere kwa msewu monga ankayendera anthu m'dziko muno chisanafike chaka cha 1967. Magalimoto ena onse nawonso kumanzere. Palibe anadabwapo, poti nkhani yake ndi ya 1965.

"Mayi Sjögren, mu 1979 aliyense ankayenda kumanja. Munatseka bwanji msewu waukulu wonse uja?"

"Kutseka? Ife? Apolisi akanatiseka mpaka kugwa. Tinajambula galimoto ikuyenda kumanja ngati wina aliyense, ine n'kukatembenuza filimuyo ngati dzira pachiwaya. Basi, 1965 yabwera."

"Nanga chiwongolero? Nanga nambala ya kumbuyo? Zikanaoneka zotembenuka."

"Chiwongolero mungachione bwanji chakumbuyo, denga lili lotseka? Nambala ija imagwa galimoto ikagunda chiboliboli, anthu n'kumaseka. Mukuganiza tinaigwetsera chiyani?"

Gunvor anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Zaka makumi atatu za chipongwe, chonsecho yankho linali m'mutu mwa mayi mmodzi wa ndudu amene palibe anamufunsa.

"Ndiye chimene chili kumanzere m'filimu..."

"Chili kumanja padziko la Mulungu. Bwanji, mwayera nkhope chotere?" Mayi Sjögren anafufuza m'bokosi n'kutulutsa chithunzi chachikulu. "Ichi ndinajambula ndekha tsiku lomwelo, ndi kamera yanga."

Pachithunzipo panali Buick chakumbuyo, chikwangwani cha pamsewu chikuwerengeka bwinobwino, ndi mnyamata wa tsitsi lalitali atatsamira chipsepse chopindika, akuseka. Chipsepsecho chinali cha kumanja. Gunvor anafuna kulira, koma misozi sinabwere, kunabwera mkwiyo wokha.

"Mayi, ndikupempha chinthu chimodzi. Mawa mubwere nacho chithunzichi, koma musachitulutse mpaka ine nditakufunsani."

"Pali munthu amene mukufuna kumuphika?"

"Alipo."

"Ndiye ndivala diresi yabwino," anatero mayi Sjögren.

* * *

Majken Lööf, woyandikana nyumba ndi Sixten, anali atabwerako kumsika. Mayiyu nkhani siyamba pamene yayambira, imayamba dzana lake.

"Lowani, lowani, aneba, mabanzi angopsa kumene. Ndimati ndikuimbireni dzulo koma foni yanga, mdzukulu wanga anaikonza, chikonzereni sikulira. Ndiye dzulo lija, nthawi ya khofi wa masana, itangokwana fili koloko, chifukwa wailesi inali itangoyamba zanyengo, ati mvula Lamlungu, koma ine bondo langa likuti Loweruka..."

"Munaona chiyani, a Majken?"

"Kuona sindinaone, mandala anali kubafa. Koma kumva ndinamva. Ija ya a Sixten ndimaidziwa, imatsokomola kawiri kenako n'kubangula. Ndinati Mulungu ndi wamkulu, a Sixten achira! Mpaka ndinawasungira banzi."

"Inavuta kulira? Anailiza kangati?"

"Kamodzi kokha. Kutsokomola kawiri, kubangula, basi. Monga amachitira eni ake."

Gunvor anasiya kutafuna. Pansi pa mpando wa Buick ija Sixten anaikapo kampopi kobisika kotseka petulo. Wosadziwa akhoza kuliza injini mpaka batire kutha, osayenda ngakhale phazi limodzi. Odziwa kampopiko anali atatu. Mmodzi anali gone kuchipatala, wina anali kudya banzi la Majken. Wachitatu anali Torvald Ek, amene anagwira ntchito ndi Sixten m'galaja imodzi zaka makumi awiri, munthu amene anagwira mwana wa Sixten paubatizo. Masiku ano ankawongola ndi kupenta magalimoto a Rydell.

"Itatuluka inalowera kuti? Kutauni?"

"Ayi, kutauni ikanadutsa pazenera langali. Inakhotera kunkhalango. Ndinadabwa, ndinati a Sixten akukatani kumeneko, kulibe kanthu koma macheka akale aja ochekera matabwa a bambo ake a Torvald. Tengani banzi lina, aneba. Mukupita kale?"

* * *

Gunvor anaisiya patali galimoto yake, mtunda wotsalawo anayenda wapansi m'mitengo ya paini, udzudzu ukumuluma m'khosi. Dzuwa linali likadali pamwamba. Asanafike pashedi ya macheka anamva fungo la penti, kenako kulira kwa nyundo, kofatsa, kwa mmisiri. Anasuzumira pampata wa matabwa.

Munali ma Buick awiri ofiira. Ya Rydell inali pakona, yofunditsidwa theka. Ya Sixten inali pakati, pansi pa magetsi owumitsira penti. Chipsepse chake cha kumanzere, chimene chinali chosalala chiyambire, tsopano chinali chopindika, ndipo pakhoma panali chithunzi chochokera m'filimu chimene Torvald ankaonera pomenya. Pamenepo Gunvor anamvetsa zonse. Rydell sankaopa envulopu chifukwa mawa akaonetsa galimoto yeniyeni, ya nambala yeniyeni, ataisamutsa chipsera kuti ifanane ndi yake imene anthu anaizolowera. Nambala ikagwirizana, Sixten akhala Wabodza mpaka kale, ndipo anthu adzati banja lake linabisa galimoto yawo poopa manyazi.

Koma chipsera chenicheni, cha kumanja, chinali chikadalipo. Torvald anachisiya komalizira. Anaima pambali pake ndi chitini cha phala lomatira magalimoto, akulitakasa, osayamba. Anaika chikhatho pachitsulo chopindikacho n'kukhala choncho kanthawi.

"Undikhululukire, Sixten," anatero yekhayekha. "Iwe sudzaionanso."

Foni inali kale m'manja mwa Gunvor, nambala ya Dahlén ili poyera. Kungodina kamodzi, mphindi khumi ndi zisanu apolisi afika, chipsera chipulumuka. Chipsera chimene Sixten ankachisisita Loweruka lililonse akamapukuta galimoto, chimene anakana kuchiwongola ngakhale pamene kuchiwongola kukanathetsa chipongwe chonse. Koma akadina, agwidwa ndani? Torvald yekha. Rydell adzatambasula manja n'kunena kuti iye anali pachinkuzamawu tsiku lonse, zimene wantchito wake amachita kunkhalango sakuzidziwa. Adzavula chipewa, adzapepesa m'malo mwa Torvald, ndipo chaka chamawa adzakhalanso pansanja akuseka.

Gunvor anaganiza za maliro a mlamu wake, pamene Rydell ananong'oneza mnzake kuti, "Kaya amwaliradi, poti wanena ndi Sixten." Iye anali kumbuyo kwawo, anamva.

Anabweza foni m'thumba. Anaima pomwepo n'kuonerera Torvald akuwongola chitsulo ndi nyundo, kenako akupaka phala loyamba, lotuwa, pamwamba pa zaka makumi anayi ndi zisanu. Zinamuwawa ngati akumusenda khungu, koma sanasunthe mpaka chipseracho chitakwiririka.

* * *

Loweruka teni koloko bwalo linadzaza. Gunvor anakhaladi pampando wa kutsogolo umene Rydell anamusungira. Dahlén anaima chapambali, poti Gunvor anamuuza kuti akapanda kubwera adzanong'oneza bondo mpaka kupuma ntchito.

Rydell anavundukula chinsalu ngati wamatsenga. Buick inang'anima, anthu anaomba m'manja. Torvald anali mmisiri ndithu, penti yatsopano anaizimitsa n'kuithira fumbi moti sungaisiyanitse ndi yakale. Mayi Sjögren, mu diresi yobiriwira, anang'amba envulopu. Wapampando wa kalabu anawerama pachitseko cha galimoto ndi tochi, mayiyo akuwerenga nambala imodzi imodzi, iye akuvomera. Zonse zinagwirizana. Bwalo linaphulika, mahutala a magalimoto chikwi akulira. Rydell anakweza chipewa kumwamba, akuvinavina. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Gunvor anadikira phokoso lithe, ndipo anaimirira.

"A Rydell, ndabwera kudzagonja. Koma ndiloleni ndifunse, kuti ndikawauze achimwene anga zoona. Galimoto iyi mwakhala nayo zaka zingati?"

"Makumi atatu ndi chimodzi, mayi, ndipo sinagonepo kunja kwa galaja yanga." Analankhula pachinkuzamawu, akutsinzinira anthu diso.

"Chipsera ichi cha kumanzere, munachipeza chili chomwechi?"

"Chomwechi! Chiyambire 1979 palibe nyundo inakhudzapo galimoto imeneyi. Ndikulumbira pamanda a mayi anga."

"Mbali ya kumanjayi sinagundidwepo?"

"Mayi, kodi matenda a m'banja mwanu ndi opatsirana? Yosalala ngati tsaya la khanda! Onani nokha."

Anthu anaseka. Gunvor anatembenukira kwa mayi wa diresi yobiriwira.

"Mayi Sjögren, inu munalipo. Galimoto ya m'filimu inagunda mbali iti?"

Mayiyo analanda chinkuzamawu m'manja mwa Rydell ngati akulanda mpeni kwa mwana. Anafotokoza za 1965 ndi 1979, za msewu umene sanathe kuutseka, za filimu imene anaitembenuza ndi manja ake. Kenako anakweza chithunzi chija n'kuchipereka kwa wapampando, icho n'kuyamba kuyenda m'manja mwa anthu. Kumene chadutsa, kuseka kunkazima.

"Nambala ikuti galimoto ndi yomweyi," anatero mayi Sjögren. "Chithunzi changa chikuti galimoto yomweyi inapindika kumanja. Ndiye wina andiuze, chipsera chinawoloka bwanji?"

Gunvor anakwera pansanja. Pamakiyi ake panali kamaginito kamene ankayezera magalimoto pantchito, poti maginito amagwira chitsulo koma phala lomatira saligwira. Anakaika pachitseko, kanamata. Anakaika pachipsepse cha kumanzere, kanamata. Anakaika pachipsepse cha kumanja, pamalo osalala ngati tsaya la khanda, ndipo makiyi onse anagwa pansi, bwalo lonse linamva kulira kwake. Anakanda pamenepo ndi chikhadabo. Penti inali isanaume bwino, inamatirira kuchala.

"M'tauni muno munali Buick imodzi yokha ya chipsera cha kumanja," anatero Gunvor, osakweza mawu. "Nonsenu mukuidziwa. Munaiseka zaka makumi atatu. Yabedwa Lachinayi, ndipo bambo awa angolumbira pamanda a mayi awo kuti ndi yawo."

Rydell anabwerera m'mbuyo. Thukuta linatsika pansi pa chipewa. Maso ake anasakasaka m'gulu mpaka anapeza amene ankamufuna.

"Torvald! Chitsiru iwe! Unati siidzadziwika! Ndinakuuza kuti uike chitsulo chatsopano!"

Anaiwala kuti chinkuzamawu chinali pafupi, chili choyaka. Mawuwo anamveka mpaka kogulitsa soseji. Torvald anavula kapusi yake n'kuyenda yekha kupita kwa Dahlén, manja ali patsogolo. Wapolisi uja ulesi wonse unamuthera, anakwera pansanja masitepe awiri awiri.

Pamene ankamutsitsa, Rydell anadutsa pafupi ndi Gunvor. Chipewa chinali chitagwa, dazi lili poyera. Gunvor anatulutsa kampango m'chikwama n'kumupatsira.

"Munati ndibwere nako," anatero.

Anthu anaseka, ndipo ulendo uno sankaseka Sixten. Gunvor anamva kukoma kumene anakuyembekeza theka la moyo wake, ndipo sanachite nako manyazi. Wapampando wa kalabu anabwera, chipewa m'manja, akuti kalabu yonse ipita kuchipatala kukapepesa. Gunvor anamuuza kuti afulumire, chifukwa wopepesedwayo sadikira.

Dahlén anabwerera atatsekera awiriwo m'galimoto ya polisi.

"Mayi Ahlqvist, Torvald akuti dzulo masana anaona munthu m'mitengo kumacheka kuja. Akuti nthawi imeneyo anali asanamate chipsera."

"Torvald maso ake ndi okalamba."

"Mukanandiimbira, tikanachipulumutsa."

"Mukanagwira mmodzi," anatero Gunvor, n'kutola makiyi ake.

* * *

Kuchipatala anafika dzuwa lili paliwombo. Sixten anali maso, wochepa pabedi ngati mwana. Gunvor anakhala pambali pake n'kumuuza zonse, za mayi wa ndudu, za filimu yotembenuzidwa, za Rydell akukuwa pachinkuzamawu. Anamuonetsa chithunzi chimene mayi Sjögren anamupatsa kuti chikhale chake.

"Achimwene, simunaname. Tauni yonse yadziwa. Akubwera kudzagwada pano, a kalabu onse. Dzina lija latha."

Mbali yamoyo ya nkhope ya Sixten inamwetulira, msozi unatsikira kukhutu. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja lake labwino, anaika chala pachipsepse chopindika cha pachithunzi, n'kuchisisita pang'onopang'ono monga ankachitira akamapukuta galimoto. Anatembenuza maso kwa mlongo wake. Anayesa kulankhula, mawu anakana, anayesanso.

"Chi... lipo?"

Gunvor anali atakonzekera Rydell, apolisi ndi tauni yonse, koma funso ili sanalikonzekere. Anaona phala lotuwa lija likukwera pachitsulo, foni ili m'thumba mwake. Munthu amene anali gone apayu anasenza dzina la wabodza zaka makumi atatu chifukwa chokana kunama kamodzi kokha. Panja pakhonde panamveka nsapato zambiri, a kalabu akufunsa namwino chipinda.

Sixten ankadikirabe, chala chili pachithunzi.

Gunvor anamugwira dzanjalo.

"Chilipo, achimwene," anatero. "Palibe wachikhudza."